Maso Achikasu kwa Mponda

Ajira anafika ku polisi m'mawa atakwezedwa pa njinga yamoto ya neba wake, phazi limodzi lopanda silipasi, mpango utamatirira magazi pamphumi. Nyumba yake anaisiya mawindo ataswedwa ndi miyala. Mkazi mnzake wa pamitala, Zakia, anali atamwalira mbandakucha kwa Mponda, ndipo dzuwa lisanakwere anthu anali atagwirizana kale kuti wamupha ndi Ajira, kudzera m'mbale ya chakudya imene anamutumizira.

Sajeni Celestina Chimwaza anamulowetsa m'chitolokosi cha amayi. Mlandu womuimba analibe, koma chipinda chokhala ndi chitseko chachitsulo chinali chomwecho basi. M'katimo munali mdima, kawindo kake kali pamwamba pafupi ndi malata. Ajira, mayi wathupi lalikulu, anakhala pansi pakona, nsana utatsamira khoma.

"Mbale munatumiza?" Celestina anafunsa.

"Ndinatumiza."

"Munali chiyani?"

"Futali wa chinangwa. Mwezi uno wa Ramadani timatumizirana madzulo, nthawi yomasula kusala. Iwo anditumizira mpunga, ine ndiwatumizira futali. Chaka chilichonse."

"Munkagwirizana?"

"Sitinkamenyana."

Celestina anamupatsa kapu ya madzi. Mayiyo anapukusa mutu nanena kuti wamanga, samwa kanthu mpaka dzuwa litalowa. Kenaka anakwawira ku ndowa ya pakona nayamba kusanza. Celestina anali ataona anthu ambiri akusanza ndi mantha m'chipinda chimenecho, ndiye anangotseka chitseko.

Pa geti panali bambo wamtali, wa mkanjo woyera womwe m'munsi mwake munali matope ofiira a kumtunda. Anali Che Jaffalie, mlongo wake wa malemu, amene anatsika kuchokera kwa Katuli dzulo lake atamva kuti Zakia wadwalika. Sanakweze mawu.

"Mlongo wanga tikamuika tikatha kupemphera swala ya masana," anatero. "Tikachoka kumanda sitipita kunyumba. Tibwera pano."

"Kudzatani, bambo?"

"Kudzatenga munthu wathu."

"Pano si pamsika."

"Mpanda wanuwu ndi wa waya, mayi," Jaffalie anatero, akuyang'ana mpandawo ngati munthu wofuna kuugula. "Ife tidzakhala ambiri."

*

Kwa Mponda, amuna anali atakhala pansi pa mitengo ya mango, jeneza lonyamulira maliro litaimikidwa pambali kudikira mwini wake. Celestina anazungulira kuseri kumene kunali amayi. Anamulozera a Amida, gogo wamfupi wa manja olimba amene ankasambitsa maliro a akazi m'dera lonselo. Anawapeza akutsanula madzi m'beseni pa dzenje lokumbidwa kumene.

"Agogo, thupi munaliona bwanji?"

"Mwana wanga, ndiwe wa tchalitchi eti?" a Amida anatero osatembenuka. "Ife zimene taona posambitsa timapita nazo kumanda kwathu. Ngakhale shehe sandifunsa. Iwe ndi chipewa chakocho ndiwe ndani?"

"Chabwino. Za maliro zisiyeni. Ndiuzeni za Zakia ali moyo."

Gogoyo anaika beseni pansi, namuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ameneyo ndiye ndingamunene, anali mnansi wanga. Anayamba ndi kudzikanda. Usiku, usana, mpaka mikono kuchita mizere. Kenaka maso. Unaonapo mafuta a nkhuku yoweta? Chikasu chake chimenecho. Ndinamuperekeza kuchimbudzi tsiku lina, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Kumapeto kuno ankabwebweta, kundiitana ine dzina la mayi ake."

"Zinayamba mbale ya Ajira isanabwere kapena itabwera?"

"Mbale iti? Mbale zimabwera tsiku lililonse. Ya dzulo ija Zakia sanaikhudze n'komwe, pakamwa panali patatseka. Anadya ana ake, ndi ine ndemwe. Ukundiona ndafa?"

"Nanga simunawauze anthu bwanji?"

"Ndinauza Jaffalie. Akuti mankhwala achikuda amadziwa munthu wake, ena onse amawadumpha. Munthu wa chisoni ungatsutsane naye?"

"Kuchipatala simunapite naye chifukwa chiyani?"

"Funsa mwamuna wake. Ankati chikasucho ndi zoipa zikutuluka m'thupi, tisadere nkhawa."

Celestina anapempha kuona chipinda chimene Zakia ankagona. Thupi linali litakulungidwa kale mu nsalu yoyera ya sanda m'chipinda china. Pa kabati panali mafuta odzola, mikanda yopempherera ya tasibihi, ndi nsapato zothamangira za pinki zoikidwa bwinobwino m'katoni yake. Pansi pa bedi anapeza kapu yapulasitiki. M'kati mwake munali mutauma zobiriwira zoderako. Ananunkhiza. Fungo lake linali lowawa, ngati khungwa lonyowa.

"Ichi ankamwera chiyani?"

"Ufa wina wake wa mankhwala. Unali m'botolo lalikulu pakabatipo."

"Lili kuti?"

A Amida anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Tisanayambe kusambitsa, mwamuna wake, Che Nasir, analowa muno. Mwamuna kulowa pamene akazi ayamba kale kutereka madzi, ine ndinadabwa. Anati akufuna chiphaso cha malemu. Anatuluka ndi jumbo yakuda. Chiphaso chake chinali chonenepa ndithu."

*

Nsapato za pinki zija zinamutengera Celestina kwa Thandi. Tauni yonse inkamudziwa Thandi: kale ankasewera mpira wamanja, tsopano anali ndi saluni kuseri kwa depoti, ndipo m'mawa uliwonse ankatsogolera amayi onenepa kuchita majowajowa pa bwalo la mpira. Anamupeza akuluka mutu wa kasitomala, chingamu chili m'kamwa.

"A Sajeni, mwabwera kudzalembetsa? Yunifomu imeneyo mabatani ake akupempha chifundo."

"Zakia wamwalira."

"Ndamva." Thandi analavulira chingamu m'dzanja. Anauza kasitomala kuti akagule fanta adikire panja. "Ndamva m'mawa womwe uno."

"Anali wa gulu lanu?"

"Wanga weniweni. Anabwera chaka chatha atachokera kuchipatala. Anamujambula pamimba, akuti chiwindi chakutidwa ndi mafuta. Dokotala anamuuza kuti mankhwala ake ndi miyendo yake yomwe, ayende, atuluke thukuta, achepetse shuga ndi zokazinga. Tsiku loyamba sanamalize n'komwe kuzungulira bwalo. Anakhala pa golo n'kumanditukwana m'Chiyao. Koma mawa lake anabweranso. Trakisuti m'kati, chitenje pamwamba, mpango kumutu, thukuta ngati wagwa mu Shire."

"Zinkathandiza?"

"Pang'onopang'ono, monga zimakhalira. Anayamba kukwera masitepe a ku banki osapumira. Atabwerera kuchipatala anamuyeza magazi, dokotala anati chiwindi chayamba kupepuka. Anatigulira mandasi tonse tsiku limenelo, ine n'kumukalipira." Thandi anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kuthera panjira. "Amene sanasangalale ndi bambo akunyumba."

"Che Nasir?"

"Bwalo lija lili pamsewu. Akabaza amaima n'kumaonerera, ena kuimba mluzu. Wina anakawauza kuti akazi anu akudumphadumpha pagulu. Ramadani itatsala pang'ono, Zakia anabwera wopanda nsapato zake, atanyamula botolo. Akuti bambo andigulira kwa Namwera, mankhwala otsuka chiwindi ndi kusungunula mafuta, zothamangazi ndasiya."

"Munaliona botololo?"

"Lopanda dzina, lopanda pepala. Ufa wobiriwira. Ndinamuuza kuti mayi, chilichonse chimene mwameza chimakafikira pa chiwindi chomwecho chimene chikudwalacho, musachisenzetse katundu amene simukumudziwa. Anati ndi zitsamba chabe, zachilengedwe. Ndinati fodya nayenso ndi tsamba."

"Ndiye ufawo ndi umene wamupha?"

Thandi anatambasula manja. "Apo ndiye pandizunguza mutu. Ufa umenewo si wachilendo. Amayi ena a kwaya a m'gulu langali amamwa mobisa, akuganiza kuti sindidziwa. Wina anatsegula m'mimba, wina ankadandaula mseru, ndinawalanda n'kutaya. Koma wofa palibe. Zakia yekha bwanji?"

"Amamwa motani?"

"Supuni imodzi m'madzi ofunda, utadya kaye. M'mawa, masana, madzulo."

Celestina anatuluka. Kunja kunkatentha chinyezi cha kumapeto kwa dzinja, mitambo yakuda itaunjikana kumapiri a kwa Namwera. Anali ndi njala, ndipo anawoloka msewu kupita pa lesitilanti ya Mswahili pamene ankakonda kugula chapati. Anapeza chitseko chotseka chifukwa cha Ramadani, mabenchi atasanjikizidwa. Anaima pomwepo, dzanja lili pa loko.

M'mawa, masana, madzulo. Munthu womanga alibe m'mawa, alibe masana.

Ku mzikiti waukulu anayamba kuitanira swala.

*

Pamene ankafikanso kwa Mponda, jeneza linali litapita n'kubwerako lopanda kanthu. Pansi pa mango panatsala nkhalamba zochepa. Achinyamata onse kunalibe, Jaffalie kunalibe, ndipo Celestina sanafunse kumene apita.

Che Nasir anali pakhonde, pa mkeka, dothi la kumanda likadali m'zikhadabo. Anali bambo wosalala nkhope, wa ndevu zometedwa mosamala, mwini malole awiri onyamula chimanga ndi simenti pa msewu wa Namwera. Anamulandira ndi mawu ofewa a munthu amene wakhala akulandira mapepeso tsiku lonse.

"Zonse ndi za Mwini wake, mayi. Anapereka, watenga."

"Pepani ndi zovutazi. Botolo lili kuti?"

"Botolo lanji?"

"Limene munatuluka nalo m'jumbo yakuda akazi asanayambe kusambitsa."

Nasir anayang'ana nkhalamba zija, kenaka anasendera kumapeto kwa mkeka. "Tiyankhule pang'onopang'ono. Ndinalitaya mu mtsinje. Zinthu za malemu zimawawitsa mtima."

"Nsapato zake simunataye. Mafuta ake simunataye."

Nasir anayang'ana kumbali.

"Munagula kwa ndani?"

"Kwa munthu wodziwika. Amakhala pa msika kwa Namwera, katundu wake amachokera ku Mozambiki. Anthu akuluakulu amagula kwa iye. Ine ndinkafuna mkazi wanga achire ali m'nyumba mwake, mwaulemu, osati kumagwedeza thupi pamaso pa anyamata a kabaza. Ndinalakwa pamenepo?"

"Anakuuzani kuti azimwa kangati?"

"Katatu."

"Zakia ankamanga. Masana ankamwa bwanji?"

"Sankamwa masana. Mukufuna aononge swaumu, kusala kwake, chifukwa cha ufa?" Mawu ake anauma pang'ono, ngati munthu amene wafunsidwa za ntchito imene amaidziwa bwino. "Ine sindinachotsepo kanthu, sindinaonjezerepo kanthu. Zitatu ndi zitatu. Ndinangoti aziphatikize zonse pa daku, nthawi yodya kusanache, amwe kamodzi. Katundu wa maulendo atatu ukamunyamula ulendo umodzi, amafika yemweyo."

"Atadya kapena asanadye?"

"Daku ankadumpha. Ankati akufuna mankhwala apeze m'mimba moyera."

Celestina anaona m'maganizo mwake mayi uja akumeza kapu yowawa mumdima, kenaka tsiku lonse lotentha la Mangochi osalawa dontho la madzi. Mawa lake chimodzimodzi. Mawa linalo chimodzimodzi.

"Maso atasintha munatani?"

"Ndinamuimbira mwini mankhwala. Anati alihamudulilahi, ndiye kuti agwira, mafuta akusungunuka akutulukira m'maso ndi mumkodzo. Anati supuni zizidzaza bwino kuti zoipazo zithe msanga."

"Ndipo zinadzaza."

Nasir anayang'ana zikhadabo zake.

"Che Nasir, m'mawa uno anthu amaswa nyumba ya mkazi wanu wamng'ono. Amugenda pamphumi. Inu munali pano, botolo lili m'manja, mukudziwa. Simunatsegule pakamwa."

"Mlamu wanga mukumudziwa inu? Jaffalie anathyola munthu nsagwada chifukwa cha mbuzi. Ndinati mtima wake ukazizira ndidzafotokoza. Ajira ali kwa inu, ali pabwino."

"Ndiye wamkulu munamugulira ufa, wamng'ono mwamugulira miyala. Mumagawa bwino."

Apa m'pamene bamboyo anadzuka. Nkhope yosalala ija inachita makwinya, ndipo kwa nthawi yoyamba anaiwala kutsitsa mawu.

"Mayi, ndinenereni china chilichonse koma osati kukondera. Funsani shehe, funsani mudzi wonse. Chiyambire mitala yanga sindinalowepo m'nyumba imodzi ndi chinthu chimene sindinalowe nacho m'nyumba inayo. Nsalu ndimagula ziwiri, mtundu umodzi. Foni ziwiri. Nkhuku ya Idi, uku imodzi uku imodzi. Ngakhale mabotolo amene mukunenawo ndinagula awiri, tsiku limodzi, ndipo malangizo ndinapereka ofanana."

Nkhalamba za pansi pa mango zinasiya kuyankhula.

Nasir anakhala chiimire, pakamwa pali pululu, ngati mawuwo wawamva kwa munthu wina.

"Ajira wamwa lero?" Celestina anafunsa.

"Ajira," bamboyo anatero. "Ajira saphonya chimene ndamuuza."

"Musachoke pano."

Anali akuthamanga kale.

*

Khamu analimva asanalione. Msewu wa ku polisi unali utadzaza mikanjo ndi makofiya, ena atanyamula miyala, ena zibonga, mnyamata wina chigubu chachikasu chimene sichinali cha madzi koma cha petulo. Mpanda wa waya unali utayamba kuwerama. Celestina analowera kuseri, kudzera ku nyumba za apolisi.

Konstabo Simioni, dalaivala wa pa siteshoni, anakumana naye pakhonde, thukuta lili chuchuchu.

"Bwana, tapempha thandizo koma akuti lichedwa. Mayi uja wasanzanso. Akuyankhula zosamveka, amandifunsa ngati ndatsekera nkhuku."

"Bweretsa galimoto pakhomo lakutsogolo."

"Kutsogolo, bwana? Kuli anthuko?"

"Kutsogolo."

Anatsegula chitolokosi. Ajira anali pakona pomwe paja, akudzikanda mkono pang'onopang'ono, mosalekeza. Celestina anamugwira m'khwapa namudzutsa. Thupi lake linali lolemera ndi lotentha.

"Mayi, ufa wa kwa Namwera mwamwa lero?"

"Zitatu," Ajira anatero. "Zodzaza. Bambo anati mayi aakulu akutsogola, ine ndikutsalira."

"Bwanji simunandiuze m'mawa?"

"Munafunsa za mbale."

Anayenda naye m'khonde lamdima mpaka pa chitseko chakutsogolo. Atatulukira pa masitepe, phokoso linakwera ngati mvula ya pamalata. Mwala unagunda khoma pafupi ndi mutu wa Celestina. Iye sanaime. Anatsika naye masitepe, kudutsa galimoto imene Simioni anaimika, mpaka pa geti penipeni pamene Jaffalie anaima manja ali kumbuyo.

"Mwachita bwino," Jaffalie anatero. "Tsegulani."

"Nditsegula. Koma muyambe mwamuyang'ana."

"Ndikumudziwa."

"Dzulo munakhala pambali pa mlongo wanu mpaka kutha kwake. Nkhope yake munaiona. Tsopano yang'anani iyi."

Celestina anakankhira mpango wa Ajira kumbuyo, namugwira chibwano, n'kutembenuzira nkhope yake ku dzuwa. Ndi chala chachikulu anatsitsa chikope cham'munsi. Iye mwini anali asanawaone masowo powala. Moyera monse mwa diso munali chikasu chakupsa, chofika mpaka m'makona.

Jaffalie anasendera pafupi ndi waya. Anayang'ana diso limodzi, kenaka linalo, kenaka mizere ya zikhadabo pa mikono ya mayiyo. Amene anali kumbuyo kwake anayamba kukankhana kuti aone, ndipo phokoso linayamba kuzima kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo.

"Wadzidyetsa yekha kuti apulumuke," wina anakuwa chakumbuyo.

"Khala chete," Jaffalie anatero osatembenuka. Kenaka kwa Celestina: "N'chiyani chimenechi?"

"Chiwindi chikufa. Chimene chinapha Zakia chili m'thupi mwa uyu, ndipo sichinadzere m'futali. Ndi ufa wochepetsa thupi umene onse awiri ankamwa pa daku, muyeso wa tsiku lonse kamodzi, m'mimba mopanda kanthu. Mukandichedwetsa pano, mawa mukumbanso manda ena."

"Ufawo anautenga kuti?"

Anayankha ndi Ajira, mwaulemu, maso ali pansi, monga mkazi wofunsidwa ndi mlamu wake.

"Anatigulira bambo. Aliyense lake."

Jaffalie anagwira geti ndi manja ake, nalitsegula yekha mbali zonse ziwiri, n'kuuza anthu kuti apatuke galimoto idutse. Anapatuka. Simioni ndi Celestina anamukweza Ajira kumpando wakumbuyo, mutu wake utatsamira pa ntchafu za Celestina.

Galimoto ikutuluka pang'onopang'ono pakati pa mikanjo, Celestina anayang'ana pa galasi. Jaffalie anali atayamba kale kuyenda, osathamanga, kulowera njira ya kwa Mponda. Anthu ankamutsatira m'modzim'modzi. Miyala sanaitaye. Mnyamata wa chigubu uja anali pakati pawo.

Pa mphambano Simioni anaponda buleki. Nayenso anali ataona.

"Bwana, galimoto ndi imodzi. Tikadzera kwa Mponda tiwapitirira, Che Nasir tiwatenga anthuwo asanafike. Kuchipatala kapena kwa Mponda?"

Ajira anali atasiya kudzikanda. Ankapuma mofulumira, milomo itauma, akunong'ona za nkhuku zake.

"Kuchipatala," Celestina anatero.